Lilongwe kupita ku Blantyre pa ndege: makilomita 246, nanga nthawi imathera pati?

Mukafunsa pa intaneti kuti pakati pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe ndi la Chileka ku Blantyre pali mtunda wautali bwanji, yankho silichedwa: makilomita pafupifupi 246. Ndege ya mapulopela ya mtundu wa Q400, yomwe oyenda njira imeneyi amaidziwa bwino, ikakhazikika m'mwamba imatha kudula makilomita 667 pa ola. Mwana wa Sitandade 7 atapatsidwa samu imeneyi angagawe n'kupeza mphindi 22. Koma pa tikiti pamalembedwa mphindi 40 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo munthu amene wachoka kunyumba kwake ku Area 25 kuti akapezeke pa msonkhano ku Limbe amatha maola atatu ali pa ulendo. Manambala onsewa ndi oona, kungoti iliyonse ikuyeza chinthu chake.

Tiyambe ndi mtundawo. Bwalo la Kamuzu lili ku Lumbadzi, makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe. La Chileka lili makilomita pafupifupi 16 kuchokera m'tauni ya Blantyre, chakumpoto kopendekera kumadzulo, kufupi ndi phiri la Michiru. Kuchokera pa Kamuzu, Chileka ili kum'mwera ndi makilomita pafupifupi 210 komanso chakum'mawa ndi makilomita pafupifupi 128. Amene sanaiwale samu ya Pythagoras ya ku sekondale akhoza kuwerengera yekha papepala, apeza 246 yomwe ija. Ndi chingwe chokungidwa kuchokera pa bwalo lino kufika pa bwalo linalo, chosakhota paliponse. Kwa oyenda maulendo ataliatali pamakhala nkhani yoti dziko ndi lobulungira, ndiye njira yachidule imaoneka yokhota pa mapu, koma pa kamtunda ngati aka zimenezo sizisintha kanthu.

Chimene chimasokoneza ndi choti tsamba lina limalemba 246, lina 153, lina 133. Palibe amene walakwitsa. 153 ndi mamailosi a pamtunda aja ankalembedwa m'zikwangwani za m'misewu kale. 133 ndi mamailosi a panyanja, omwe oyendetsa ndege ndi oyendetsa sitima amagwiritsa ntchito. Mailosi imodzi ya panyanja ndi makilomita 1.852. Kukwera m'mwamba nakonso oyendetsa ndege amayeza m'mafiti osati m'mamita, ndiye pansipa tizisakaniza pang'ono.

Chingwe chokungidwa chija mukachiyala pa mapu mudzaona chinthu chimene ambiri sachiganizira. Chimadutsa kumadzulo kwa tauni ya Dedza n'kulowa mu Mozambique, m'boma la Angónia, ndipo pakatikati penipeni pa ulendo pamagwa pafupi ndi tauni ya Ulongwe ya ku Mozambique komweko, chisanabwererenso m'Malawi chakum'mwera. Aliyense amene anaimapo pa Lizulu kugula mbatatesi amadziwa kuti tsidya lina la msewu ndi dziko la eni, ngakhale olankhula ndi omwewo. Msewu wa M1 umatsatira malire pamenepo. Mlengalenga njira yachidule imangodula. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene msewu uliri wautali: kuchoka m'tauni ya Lilongwe kudzera ku Dedza, Ntcheu, Chingeni ndi Zalewa kukafika m'tauni ya Blantyre ndi makilomita pafupifupi 310, ndipo wodzera ku Liwonde ndi Zomba amawonjezera ena pafupifupi 50.

Ndege siyenda pa chingwe

Palibe ndege imene imauluka ndendende makilomita 246 amenewa. Choyamba, ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo, chifukwa mphepo yochokera kutsogolo imathandiza mapiko kunyamula ndege isanathamange kwambiri pansi. Msewu wothamangapo ndege uli ndi mathero awiri, ndipo mphepo ya tsikulo ndiyo kawirikawiri imasankha kumene muyang'ane. Manambala akuluakulu amene amapentedwa kumapeto kwa msewuwo amanena mbali ya kampasi, atachotsa ziro womaliza. Wa ku Kamuzu ndi 14 mbali ina, 32 mbali inayo. 14 akutanthauza madigiri pafupifupi 140, kum'mwera chakum'mawa, komwe ndi kufupi kwambiri ndi kumene kuli Blantyre. Ndege ikanyamukira mbali imeneyo imakhala yalunjika kale. Ikanyamukira ku 32 ndiye kuti mphuno yaloza chakumadzulo kwa Kasungu, ndipo iyenera kukwera kaye, kutembenuka, n'kubwerera kudzadutsanso pafupi ndi pomwe yachokera.

Ku Chileka nkhani ndi yomweyo. Msewu waukulu ndi 10 ndi 28, wogona cha kum'mawa ndi kumadzulo. Ndege yochokera ku Lilongwe ikapatsidwa 10 imangopinda pang'ono kumanzere n'kutsetsereka. Ikapatsidwa 28 iyenera kulambalala bwalo, kupita kum'mawa, kutembenuka, n'kudzatera ikuyang'ana kumadzulo. Komanso ndege yaikulu siingogwera pa msewu kuchokera cham'mbali; imafunika kulunjika bwinobwino ikadali makilomita angapo kutali. Onjezani kuti mlengalenga muli njira zolembedwa zimene oyang'anira ndege ali pansi amauza oyendetsa kuti atsate, kuti ndege zisayandikane komanso kuti zitalikirane ndi mapiri. Zonsezi zikaphatikizana, tsiku lina mtunda wouluka umaposa wa pa mapu ndi makilomita ochepa chabe, tsiku lina ndi makumi angapo. Pa ulendo wa ku London zimenezi sizingaoneke n'komwe. Pa ulendo wa makilomita 246, kuwonjezera 25 ndi kuwonjezera gawo limodzi mwa magawo khumi.

Koma pamene pamathera nthawi yambiri ndi pa liwiro, ndipo apa ndi pofunika kufatsa. Liwiro lolembedwa m'mabuku a ndege, 667 ya Q400 kapena 830 ndi kuposerapo ya Boeing 737, ndi la ndege imene yakwera kale, yakhazikika m'mwamba momwe mpweya ndi wopepuka. Kuti ifike pamenepo iyenera kukwera, ndipo pokwera imayenda pang'onopang'ono kuposa pamenepo chifukwa mphamvu yambiri ya injini ikuthera kunyamula kulemera. M'madera ambiri a dziko lapansi palinso lamulo loti ndege ikakhala pansi pa mafiti 10,000 isapitirire liwiro la makilomita pafupifupi 460 pa ola monga mmene chikuonetsera choyezera cha woyendetsa. Ndipo ikamayandikira kutera imachepetsa kwambiri, mpaka m'ma 250 pa ola, matayala ali kunja.

Kutsika kuli ndi samu yake imene oyendetsa ndege amawerengera pamtima. Pa mafiti 1,000 aliwonse amene ndege ikufuna kutsika, pamafunika mtunda wa mamailosi a panyanja atatu, omwe ndi makilomita asanu ndi theka. Tiyese ndi jeti. Pa maulendo aatali jeti imakonda kuuluka pa mafiti 35,000 kapena kuposa. Bwalo la Chileka lili pa mafiti pafupifupi 2,550 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, omwe ndi mamita 780. Kuti itsike kuchoka pa 35,000 kufika pa Chileka ingafunike makilomita pafupifupi 180. Pa 246 aja patsala 66 okha, ndipo 737 yodzaza anthu singakwere kufika pa 35,000 m'makilomita 66. Ndiye pa njira imeneyi jeti siifika n'komwe kumtunda kumene inapangidwira. Imakwera pang'ono, kukhazikika mphindi zowerengeka, n'kuyamba kutsika. Ngakhale ndege itangokwera mafiti 20,000, iyenera kuyamba kutsika kukadali makilomita pafupifupi 100 kuti ifike. N'chifukwa chake ogwira ntchito m'ndege pa ulendo umenewu amakhala pa liwiro la mtondo wadooka: chizindikiro cha malamba chikangozima, sipapita nthawi woyendetsa walengeza kale zoti tayamba kutsika.

Apa ndi pamene maganizo oti jeti ndiye yachangu amagwa. Ngakhale titalola ndege zonse ziwiri kuthamanga liwiro lawo lonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, jeti ingatenge mphindi 18, ya mapulopela 22. Kusiyana kwa mphindi zinayi, kumene pa ulendo weniweni kumachepanso. Pomwe mafuta amene jeti imamwa ikamauluka m'munsi ndi ambiri ndithu. Q400 kawirikawiri siikwera kupitirira mafiti 25,000, ndipo inapangidwira maulendo afupiafupi ngati amenewa. Anthu ena akaona mapulopela pa bwalo amagwa mphwayi, kumaona ngati awapatsa ndege yachikale. Kunena zoona, pa Lilongwe ndi Blantyre imeneyo ndiye ndege yoyenera, ndipo mukakwera jeti pa njirayi kawirikawiri ndi chifukwa choti ikupitirira kwina kapena ikuchokera kwina.

Nthawi ya pa tikiti

Nthawi yolembedwa pa tikiti siyambira pomwe matayala achoka pansi. Ndege ikaima pa bwalo amaika zopinga kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala kuti isasunthe. Makampani a ndege amawerenga ulendo kuyambira pomwe zopingazo zachotsedwa ndege n'kuyamba kusuntha, mpaka pomwe yaima kwinako n'kuikidwanso zopinga. M'kati mwa nthawi imeneyi muli kuyenda pang'onopang'ono kupita kumapeto kwa msewu, kudikira chilolezo cha a pa nsanja, kuuluka kwenikweniko, ndi kuyendanso pansi mutatera. Msewu wa ndege wa ku Kamuzu ndi wautali makilomita oposa atatu, ndiye kungopita kumathero kwake ndi kaulendo pakokha. Mwayi wathu ndi woti mabwalo athu awiriwa si odzaza. Ku OR Tambo ku Johannesburg kapena ku Bole ku Addis Ababa ndege zimachita kufola pamzere kudikira kunyamuka. Pamwamba pa zonsezi makampani amawonjezerako mphindi zingapo zodzitetezera kuti asamaoneke ochedwa tsiku lililonse. Woyendetsa akalengeza kuti tiuluka theka la ola pomwe tikiti ikunena zambiri, sakutsutsana ndi tikitiyo. Iye akunena za m'mwamba mokha.

Ndiye njira yabwino yoganizira nthawi ya ulendo wa pa ndege ndi kuigawa pawiri. Pali gawo limene limakula mtunda ukamakula, lomwe ndi mtunda kugawa ndi liwiro. Palinso gawo limene silisintha kaya mukupita pafupi kaya kutali: kuyenda pansi, kukwera, kutembenuka, kutsika. Gawo lachiwirili limakhala cha m'ma mphindi 20 mpaka 30. Zili ngati kuchigayo: kaya mwasenza kabeseni kaya thumba lathunthu, kuyenda, kufola ndi kudikira kuti alize injini n'chimodzimodzi, ndipo wa kabeseni amatha nthawi yambiri akudikira kuposa akugayitsa. Masamba ena owerengera maulendo pa intaneti amachita zomwezi: amatenga liwiro la makilomita pafupifupi 800 pa ola n'kuwonjezera theka la ola. Pa Lilongwe ndi Blantyre yankho lawo limagwa cha m'ma mphindi 48, lomwe silili kutali ndi zoona, ngakhale makinawo sakudziwa kuti ndi ndege yanji, mphepo ikuchokera kuti, kapena ngati pali ndege imene imayendadi pakati pa mabwalo amene mwalembawo. Angakuwerengereni bwinobwino ulendo wa Karonga kupita ku Mangochi ngati kuti mawa lomwe mukhoza kukagula tikiti.

Samu imeneyi imaonetsa chifukwa chake maulendo aatali amaoneka ngati achangu. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 600, kuposa kawiri mtunda wa ku Blantyre, koma pa jeti kugawa kumapereka mphindi 43, kuwonjezera gawo losasintha lija n'kukhala ola ndi mphindi zochepa. Johannesburg ili makilomita pafupifupi 1,490 kuchokera ku Lilongwe, kasanu ndi kamodzi mtunda wa ku Blantyre, koma ndege yosaima pena imatenga maola awiri ndi mphindi 20 kapena chapompo, katatu kokha nthawi ya ku Blantyre. Pa mtunda umenewo m'pamene jeti imaonetsa mphamvu zake: ya mapulopela ingatsalire ndi pafupifupi theka la ola.

Pali misampha iwiri pa matikiti a kunja imene imakola anthu ambiri. Woyamba ndi wa ndege yoima panjira. Maulendo ena a pakati pa Lilongwe ndi Johannesburg amadzera ku Blantyre, monganso ndege zina zochokera ku Addis Ababa zimatera m'mizinda yonse iwiri zisanabwerere. Kupatuka kwake pa mapu n'kochepa, popeza Lilongwe kudzera ku Blantyre kukafika ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,600, kungowonjezera 110. Koma mumalipira gawo losasintha lija kawiri, kuphatikizapo nthawi imene ndege yaima pa Chileka kutsitsa ndi kukweza anthu. Ulendo wa maola awiri ndi pang'ono umasanduka wa maola anayi. Msampha wachiwiri ndi wa wotchi. Nthawi ya pa tikiti nthawi zonse ndi ya kumalo kumene kuli bwalolo. Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa wotchi ndi imodzi, koma Kenya, Tanzania ndi Ethiopia ali patsogolo ndi ola limodzi. Nairobi ili makilomita pafupifupi 1,430 kuchokera ku Lilongwe, kufanana ndi Johannesburg, koma mukangochotsera manambala a pa tikiti, kupita kumaoneka ngati maola atatu ndi pang'ono, kubwera ngati ola limodzi ndi pang'ono. Ulendo ndi womwewo, wa maola awiri ndi pang'ono mbali zonse.

Mphepo ndi mitambo

Ndege imasambira mu mpweya, ndipo mpweyawo nawo umayenda. Tingoyerekeza ndege yoyenda makilomita 600 pa ola, ndi mphepo ya 60 pa ola yochokera kumene ikulowera. Pansi ikudula 540 okha, ndipo makilomita 246 atenga mphindi 27. Pobwerera mphepo yomweyo ikukankha kumbuyo, ikudula 660, mphindi 22. Ndege imodzi, njira imodzi, tsiku limodzi, kusiyana mphindi zisanu. M'miyezi yozizira mwera umaomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa, mbali yomwe kuli Blantyre, koma umenewo ndi wam'munsi. Kumtunda mphepo ikhoza kukhala ikuchokera kwina, ndipo oyendetsa amalandira malipoti ake asananyamuke n'kusankha pokwera poyenera.

Mitambo ndiyo imasokoneza kwambiri kuposa mphepo. Kuyambira November mpaka April, makamaka masana ndi madzulo, mitambo ya mabingu imakula kufika kumtunda kuposa kumene ndege za anthu zimauluka. Woyendetsa sailowa, amaizungulira, ndipo kuzungulira kumodzi kukhoza kuwonjezera makilomita makumi angapo. Mtambo ukakhala pamwamba pa bwalo penipeni, ndege imazungulira podikira kuti udutse. M'miyezi ya June ndi July vuto la kum'mwera ndi chiperoni, mitambo yotsika ndi mvula yowaza imene imaphimba mapiri a Blantyre, Thyolo ndi Mulanje. Bwalo lililonse lili ndi malire ake: ndege ikatsika kufika pamlingo wakutiwakuti woyendetsa osauona msewu, lamulo ndi loti akwerenso. Akhoza kuyesanso, kapena kupita ku bwalo lina. N'chifukwa chake ndege ya ulendo wa mphindi 40 siinyamula mafuta a mphindi 40. Malamulo a ndege a dziko lonse amafuna mafuta a ulendowo, ena apadera, ena okafikira ku bwalo lina limene lasankhidwiratu, ndi enanso a mphindi 30 osayenera kukhudzidwa. M'dziko muno mabwalo otha kulandira jeti yaikulu ndi awiri omwewa, ndiye Chileka ikatsekeka, kobwerera kwapafupi ndi ku Lilongwe komwe mwachokera. Zinaoneka bwino mu 2019 pamene msewu waukulu wa ku Chileka unatsekedwa kwa miyezi ingapo kuti ukonzedwe: ndege zikuluzikulu zinasiya kutera ku Blantyre.

Kudandaula ndege ikachedwa chifukwa cha nyengo n'chibadwa, koma Amalawi tikudziwa kuti kufupika kwa ulendo sikuchepetsa kuopsa kwa mitambo ndi mapiri. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, mtunda wa makilomita pafupifupi 260, ulendo umene unkayenera kutenga mphindi 45. Tsikulo kumapiri a Viphya kunali mitambo yotsika, ndipo ndegeyo inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse 9 anamwalira, kuphatikizapo Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima.

Palinso kuchedwa kumene sikukhudzana ndi mtunda kapena nyengo ya kwanu. Ndege imene mukudikira pa Kamuzu madzulo yayenda kale maulendo angapo tsikulo. Ikachedwa m'mawa ku Harare kapena ku Dar es Salaam, kuchedwako kumayenda nayo tsiku lonse, ndipo kampani ya ndege zochepa ilibe ina yongokhala yoti ilowe m'malo.

Khomo ndi khomo

Njira ya Lilongwe ndi Blantyre ili ndi okwera chifukwa cha mbiri. Likulu la dziko linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, koma malonda anatsalira ku Blantyre. Maunduna, Nyumba ya Malamulo ndi akazembe ali ku Lilongwe; msika wa masheya, likulu la bungwe lotolera misonkho la MRA ndi malikulu a makampani ambiri ali ku Blantyre. Anthu a ntchito zimenezi amayenda uku ndi uku sabata iliyonse. Air Malawi itatsekedwa mu 2013, kampani imene inalowa m'malo mwake, yomwe boma lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines ili ndi 49, inayamba kuuluka mu January 2014, ndipo ulendo wake woyamba unali wa pakati pa mizinda iwiri yomweyi.

Funso la munthu wotere si la mphindi za m'mwamba. Akufuna kudziwa kuti akatseka chitseko cha kunyumba afika nthawi yanji pa khomo la ofesi kwinako. Tiwerengere. Kuchoka m'tauni kupita ku Lumbadzi, kudutsa ku Kanengo komwe mathiraki amathithikana, ikani mphindi 30 mpaka 45. Pa bwalo muyenera kufika ola limodzi ndege isananyamuke, kuti mupereke katundu ndi kusechedwa. Ulendo wa pa tikiti, mphindi 45. Kutsika ndi kudikira chikwama, mphindi 15 kapena 20. Kuchoka ku Chileka kudzera pa Kameza kulowa m'tauni, theka la ola ngati msewu uli bwino, ndipo ngati ndi nthawi yoweruka kapena mukupita ku Limbe, onjezerani. Zonse pamodzi ndi maola atatu mpaka atatu ndi theka. Pa nthawi yonseyi, m'mwamba mwakhalamo theka la ola.

Pa galimoto yanuyanu, makilomita 310 a M1 amatenga maola anayi kapena anayi ndi theka, kutengera mathiraki a m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu, misika ya m'mbali mwa msewu, malo olipirira a Kalinyeke ndi Chingeni, ndi apolisi a pa Zalewa. Mabasi akuluakulu osaimaima amatenga cha m'ma maola anayi ndi theka kapena asanu. Ndiye ndege imapulumutsa ola limodzi kapena limodzi ndi theka, osati maola anayi monga mmene kufanizira mphindi 40 ndi maola asanu kumanamizira. Ndipo zimadalira kwambiri kumene mukukhala. Bwalo la Kamuzu lili kumpoto kwa mzinda pomwe Blantyre ili kum'mwera, kotero munthu wa ku Area 36 kapena ku Biwi amayamba ndi kudutsa mzinda wonse akutalikira kumene akupita. Pomwe iye akufika ku Lumbadzi, mnzake amene wanyamuka pa galimoto nthawi yomweyo wadutsa kale pa Nathenje. Pomwe ndege ikunyamuka, mnzakeyo wapitirira Dedza. Kwa wa ku Area 25 kapena ku Lumbadzi komweko samu imakomera ndege.

Maganizo anga ndi akuti phindu lenileni la ndege pa njirayi si ola lopulumutsidwalo. Ndi kufika osatopa, kutha kupita m'mawa n'kubwerako madzulo, ndi kupewa kuyendetsa pa M1 usiku pakati pa njinga zopanda nyali ndi mathiraki ofera pamsewu. Amene akulipira yekha tikiti, kapena akuyenda ndi banja ndi katundu, kapena akupitirira ku Zomba ndi ku Mulanje komwe adzafunabe galimoto, sakutaya zambiri posankha msewu. Amene ayenera kusamala kwambiri ndi wa ku Blantyre amene akukakwera ndege ya kunja ku Lilongwe pa matikiti awiri osiyana: mphindi 40 za pa pepala zisamunyenge kusiya mpata wochepa, chifukwa ndege yoyambayo ikachedwa, yachiwiriyo ilibe udindo womudikira.

Kuti muone pamene ndege imapambanadi, yang'anani ku Likoma. Kuchoka pa Kamuzu kukafika pa kabwalo ka pachilumbapo ndi makilomita pafupifupi 217, kufupi kuposa Blantyre. Kumeneko kumapita tindege ting'onoting'ono ta injini imodzi, toyenda cha m'ma makilomita 250 mpaka 300 pa ola, ndipo ulendo umatenga pafupifupi ola limodzi, kuposa wa ku Blantyre ngakhale mtunda ndi waufupi. Kandege kotere sikakwera kwambiri, kamanyamuka pa kamsewu kakafupi, okwera ndi owerengeka, ndiye gawo losasintha lija limachepa ndipo nthawi yambiri imakhaladi ya mtunda kugawa ndi liwiro. Mphepo nayo imakavuta kwambiri: ya makilomita 60 pa ola imadya gawo limodzi mwa magawo khumi a liwiro la Q400, koma kwa kandege aka ndi limodzi mwa magawo anayi kapena asanu. Wosakwera ndege ayenera kutha tsiku pa msewu kukafika ku Nkhata Bay, kudikira tsiku limene Ilala kapena boti lina likuoloka, kenako maola angapo pamadzi, ngati mwera walola.